Utawaleza wa M'ngalande

Mdzukulu wa a Sipanala anadwalanso malungo mvula itangoyamba kumene. Sikanali koyamba chaka chimenecho, koma ulendo uno anamugoneka m'chipatala, kamkono kali pa diripi, milomo itauma gwa.

A Sipanala anali makaniko, ndipo dzina lawo lenileni anthu analiiwala kalekale. Galaja yawo inali kuseri kwa nyumba, kumapeto kwa msewu, pamene phula amathera fumbi n'kuyambira. Munali benchi yodzaza mabawuti, dzenje lolowamo pokonza kunsi kwa galimoto, ndipo panja panali phiri la matayala akutha amene eni ake ankawasiya n'kunena kuti adzawatenga mawa. Eni magalimoto ndi choncho, zimene zatha ntchito amasiyira wosauka. Pambali pa phirilo panagona chiphakasa cha basi chopanda mawilo, udzu utamera m'mawindo. Kumunsi kwa zonsezi kunkadutsa kamtsinje, ndipo ngalande yochokera pagalaja inkatsetserekera komweko.

Mdzukuluyo ankamutcha Abwana, chifukwa ngakhale anali asanayambe sukulu, ndiye ankalamula pakhomopo. Mayi ake, mwana wamkazi wa a Sipanala, ankasoka zovala pafakitale ina kutali, akugona chipinda chimodzi ndi anzake, choncho mwana anamusiya kwa agogo. Dzuwa likapendeka, gogo ndi mdzukulu ankakwera m'chiphakasa chija. Abwana ankagwira chiwongolero, a Sipanala n'kukhala kumbuyo ngati wokwera, ndipo ankapita kutali kwambiri. Ankafika kumene mitambo imatera pansi kudzamwa madzi. Ankadutsa m'mizinda imene nsomba zimayenda m'misewu zitavala zipewa. Wokwera akadandaula za liwiro, dalaivala ankamuuza kuti atsike ayende pansi. Ankabwerako mdima ukugwa, miyendo itatupa ndi kulumidwa.

Ndi udzudzu a Sipanala anali nawo pankhondo yawoyawo. Ali mnyamata, mwini galaja amene anawaphunzitsa ntchito anawauza kuti oyilo wakuda wochotsa mu injini amapha ana a udzudzu m'madzi. Kuyambira pamenepo oyilo yense ankamuthira m'ngalande. Abwana atadwala koyamba, iwo anawonjeza mphamvu. Ankanyamula ndowa kupita kumtsinje n'kumathira dziwe ndi dziwe, mosamala ngati munthu wothirira mbewu. Oyiloyo ankayala pamwamba pa madzi, wofiirira, wobiriwira, wagolide, akuzungulira pang'onopang'ono. Abwana ankaima pamtunda n'kumanena kuti agogo agwetsera utawaleza m'madzi, ndipo a Sipanala ankamva kukoma mumtima.

Mwana atatuluka m'chipatala, mayi ake anabwera naye kunyumba, koma sanakhale pansi. Anaima pabwalo, anayang'ana galaja, anayang'ana matayala, kenako anadziwomba pamkono n'kuonetsa bambo ake magazi pachikhatho.

"Ababa, mwanayu ndikumutenga."

"Ukupita naye kuti? Kuchipinda kwanu kuja kogona mopanikizana ngati machesi?"

"Kwa apongozi."

A Sipanala anakwiya. Anati kwa apongoziko ndi anthu oti kuseka amachita kubwereka. Anati m'dera lonselo palibe munthu amene walimbana ndi udzudzu kuposa iwo, ndipo ngati akukayika apite akaone kumtsinje. Mwana wawo anawasiya alankhule mpaka mawu anawathera.

"Sindikukangana nanu," anatero. "Ine mwana ndili naye mmodzi. Ndikadzapeza pakhomo pano pasintha, ndidzamubweza. Apo ayi, muzikamuonera konko."

Akazi awo a Sipanala analongedza tizovala ta mwanayo. Pochoka, Abwana anatembenuka ali kumsana kwa mayi ake n'kuwauza agogo kuti basi ija asaiyendetse okha, asochera.

Masiku otsatira anali aatali. Ntchito ikachepa masana, a Sipanala ankakalowa m'chiphakasa, pampando wawo wa wokwera, n'kumawodzera. Tsiku lina analota kamtsinje kaja mmene kanalili pamene iwo ndi akazi awo ankafika pamalopo, asanamange n'galaja yomwe. Madzi anali oyera moti mchenga wapansi unkaoneka ukusuntha. Atombolombo ofiira ankatera pa bango n'kumaliweramitsa. Akakowa ankayenda m'mphepete monyada ngati alendo ovala masuti oyera. Nkhanu zinkasuzumira pansi pa miyala. Ndipo achule ankaimba, ankaimba moti mkazi wawo, akali mtsikana, ankachita kukuwa powaitanira chakudya. M'malotomo iwo ankafuna kumuyankha, koma achulewo ankawaphimba mawu, onse awiri n'kumangoseka.

Anadzidzimuka thukuta lili m'khosi. Kunja kunali zii. Anatchera khutu kumtsinje, osamva kanthu, kupatula kaudzudzu kamodzi kamene kankalira pafupi ndi khutu lawo. Anayesa kukumbukira chaka chimene achule anasiya kuimba, koma sanachipeze. Zinthu zina zimachoka osatsanzika.

Madzulo ake anawauza akazi awo kuti olakwa ndi a mafakitale, ndi akuluakulu amene amangodziwa misonkhano, ndi anthu atsopano amene anamanga kumtunda. Akazi awo anangoti mwina, n'kupitiriza kutsuka mbale.

M'mawa wina panafika mayi pa njinga, chikwama chili kumsana. Anati ndi mlangizi wa zaumoyo, amayendera makomo amene mwana wadwala malungo mobwerezabwereza. A Sipanala sanatulutse mutu m'boneti ya galimoto imene ankakonza. Anthu obwera akumwetulira ankawadziwa bwino. Lero akufunsa za umoyo, mawa abwera ndi loko kudzatseka galaja. Mpando anapereka ndi akazi awo.

"Wakutumani ndani?" anafunsa ali m'bonetimo.

"Mdzukulu wanu, bambo. Ndinakumana naye kuchipatala. Anandiuza kuti ali ndi basi, ndiye ndati ndidzaione."

A Sipanala anadzuka pang'onopang'ono, akupukuta manja. Maso awo anagwera pa tcheni cha njinga ya mlangiziyo, chimene chinali cholendewera ngati mkanda. Anati munthu woyenda ndi tcheni chotere alibe choti n'kuphunzitsa wina aliyense. Anatembenuza njingayo miyendo m'mwamba n'kuyamba kuikunga, ndipo mayiyo anapempha kuti azungulire pabwalo podikira.

Sanapite patali. Anabwereka kapu yoyera kwa mayi a pakhomo, anaipisa m'tayala lina, n'kubwera nayo pomwe a Sipanala anagwada. M'madzimo munali timphutsi takuda tambirimbiri, tikudzipinda n'kudziwongola. Anati ameneyo ndiye udzudzu wa sabata yamawa. Anatunganso m'mikwasa imene mawilo a magalimoto anakumba pabwalo, mmene madzi a mvula ankagona padzuwa. Anatunga m'dzenje la m'galaja, ndi m'zitini za penti pansi pa basi ija. Paliponse kapu inkatuluka ndi anthu ake. Anafunsanso kuti mwanayo amakhala kuti dzuwa likamalowa, ndiponso ngati neti yake ndi yabwino. Akazi awo a Sipanala anayang'ana chiphakasa chija, kenako anakatenga neti, yomwe inali ndi mabowo olowa chibakera.

A Sipanala anati zonsezo amva, koma gwero la udzudzu ndi mtsinje, ndipo kumeneko iwo anakonza kale. Anamutsogolera mlangiziyo monyadira. Kamtsinje kanali gone, kakuda, m'mphepete muli matope onata ngati phula. Bango linapsa kunsi. Pamwamba utawaleza unkazungulira mwakachetechete.

"Oyilo amapha ana a udzudzu. Kapena mukuti ndikunama?"

"Simukunama, bambo. Amapha ndithu. Koma sasankha."

Mlangiziyo anakhala pamwala n'kufotokoza mosathamanga. Anati madzi oyenda bwino udzudzu suwakonda, ndipo m'maiwe abata muli alonda ake: tinsomba ting'onoting'ono ndi ana a atombolombo, amene amakulira m'madzi, chakudya chawo ndi timphutsi tomweti. Achule nawo amadya tizilombo touluka. Oyilo akathiridwa amatseka mpweya ndipo ali ndi poizoni, choncho onsewa amafa kapena kuthawa. Mbalame zimene zinkawadya zimasamuka. Kenako mvula imakankhira oyiloyo kumunsi, kwa anthu ochapa ndi othirira ndiwo zamasamba, ndipo wina amalowa pansi n'kukafika m'zitsime. Maiwe akangoyera pang'ono, woyamba kubwerera ndi udzudzu, chifukwa umakula m'masiku ochepa, pamene nsomba zimafuna nyengo. Ukabwerera umapeza pakhomo palibe mlonda.

A Sipanala anaseka chamumtima. Anati masiku ano munthu aliyense wovala chikwama ali ndi nthano yake, ndipo sanaonepo nsomba ikugwira ntchito ya chipatala.

"Musandikhulupirire ine," anatero mayiyo akuimirira. "Inu galimoto mumaikhulupirira musanailize? Pitani kumtunda kwa ngalande yanu, mukatenge tinsomba, mupatse tinsombato timphutsi ta m'tayala. Mukaona ndanama, ndikadzabweranso mudzandithamangitse."

Anakwera njinga yake, ndipo tcheni sichinalirenso. Anathokoza osatembenuka.

M'mawa mwake a Sipanala anauza akazi awo kuti akukayang'ana munthu wa sipeya. Anatenga botolo lalikulu la galasi ndi kadengu kakale, n'kutsata mtsinje chokwera. Cholinga chawo chinali chimodzi, kukamugwira bodza mayi wa njinga uja. Anadutsa pamene ngalande yawo imalowera, anapitirira pansi pa mlatho, anakwera mpaka nyumba zinayamba kutalikirana. Fungo la galaja linatsalira m'mbuyo. Ndiye anangoona kuti akuyenda m'maloto awo aja, ali maso. Madzi ankaoneka mpaka pansi. Tombolombo wofiira anatera pa phewa la ovololo yawo, anapuma, n'kuuluka. Kakowa anawayang'ana ndi diso limodzi, osathawa. Chule analumphira m'madzi, mafunde ake n'kufika pa nsapato zawo.

Anaima nthawi yaitali. Mtsinje unali womwewo, mvula yomweyo, akuluakulu a misonkhano omwewo. Chosiyana chinali chimodzi chokha, ndipo chinkachokera kuseri kwa nyumba yawo.

Anabwerera ndi tinsomba tingapo m'botolo. Analiika pabenchi pakati pa mabawuti, anatunga kapu m'tayala, n'kukhuthuliramo. Poyamba tinsombato tinachita mantha. Kenako kamodzi kanathamanga, kamphutsi kamodzi n'kusowa. Kena kanatsatira. Dzuwa linkalowa pabowo la denga n'kuwala m'botolomo, tinsomba tikung'anima ngati timasipanala tatsopano. A Sipanala anaiwala galimoto ya mwini. Anathiramo kapu ina, kenako ina, kufuna kuona ngati titope. Sitinatope.

Akazi awo anawapeza chibwano chili pabenchi.

"Munthu wa sipeya uja ndi ameneyu?"

"Mayi, taonani kuno."

"Ndaona kale. Ukalamba uno mwayamba kuweta nsomba m'botolo."

A Sipanala anati zaka zonsezi akhala ngati makaniko wochotsa sefa mu injini, n'kumadabwa kuti zinyalala zikulowa bwanji. Akazi awo anati zimenezo akanawauza iwo akanakana, koma poti zanenedwa ndi nsomba, ziyenda. Madzulo asanafike, a Sipanala anabweza tinsomba tija komwe anatitenga.

Mlangizi atabweranso, anapeza mpando uli kale pabwalo. A Sipanala sanapepese, chifukwa sanazolowere. Anangofunsa kuti nanga oyilo azipita naye kuti, amwe? Mayiyo anati amusunge mu dilamu yotseka bwino, pansi pa denga, ndipo ikadzaza apite nayo pamalo omwetsera mafuta pamsewu waukulu, pamene pamabwera galimoto yotolera oyilo wakutha kupita naye kokamuyeretsa. Wotayikira pansi amuwaze utuchi kapena mchenga, n'kuwolera m'chitini, osati kukokolola ndi madzi. A Sipanala anapita okha kukafunsa ngati galimoto yoteroyo ilikodi. Anabwerako ali chete, kusonyeza kuti iliko.

Ntchito inayamba. Ngalande ya oyilo anaitseka ndi simenti. Matayala abwinoko anawasanja pansi pa denga, akutha anawaboola kunsi n'kuwadzaza dothi, ndipo akazi awo anadzalamo maluwa ndi ndiwo zamasamba. Mikwasa ya pabwalo anaikwirira ndi miyala. Dzenje la m'galaja analikapa n'kulipangira chivundikiro cha matabwa. Kuchipatala anakatengako neti yatsopano. Mawindo a basi ija anawakhomera waya woletsa udzudzu, ndipo pakhomo pake anaikapo chitseko cha firiji yakale.

Chovuta chinali mtsinje. Matope akuda aja anawakumba ndi fosholo, n'kumawathira m'madilamu kuti apite pamodzi ndi oyilo. Msana unkawawa. Anthu odutsa pamlatho ankaima n'kumafunsana ngati mkuluyu mutu ukuyenda bwino. Ena anali omwe aja ankawasiyira matayala. Amene anatsika kudzathandiza anali amayi othirira ndiwo kumunsi, ndipo mmodzi anawauza mosabisa kuti akhala akutukwana mwini oyiloyo zaka zambiri osadziwa kuti ndi munthu wopatsa moni bwino chonchi. A Sipanala anameza mawuwo pamodzi ndi thukuta.

Mtsinje sunakhululuke msanga. Mvula inatha, kunazizira, kunatentha, ndipo m'madzi munalibe chosuntha. A Sipanala anayambanso kung'ung'udza kuti anapusitsidwa, kuti mayi wa njinga anangofuna kuwagwiritsa ntchito ya ulere. Kwa apongozi anapitako kukaona mwana. Anawakhazika pampando wa pulasitiki pakhonde, ndipo Abwana, atavala nsapato ndi masokosi, anawapatsa moni mwaulemu ngati mlendo. Anabwerera okha m'basi yeniyeni. Komabe oyilo sanamuthirenso. Dilamu ikadzaza ankaikankha pa wilibala mpaka kumsewu waukulu, akutukwana mabampu onse.

Mvula ina itagwa, madzi a kumtunda anatsika ndi alendo. Tsiku lina masana tombolombo anatera pa eriyo ya galimoto imene ankakonza. Iwo anaima chilili, sipanala ili m'manja, mpaka tombolomboyo anauluka. Patapita masiku anaona tinsomba pansi pa bango latsopano. Sanauze munthu, kuopa kuti akanena zichoka.

Mwana wawo anabwera pa tchuthi chake, atamugwira Abwana padzanja, ndi kachikwama ka masiku ochepa. Nayenso anatengera bambo ake, sakhulupirira za kumva. Anazungulira pabwalo ponse. Anasuzumira m'tayala n'kupezamo tomato. Anakweza chivundikiro cha dzenje, anagogoda dilamu, analowa kuchipinda n'kutambasula neti poyang'ana kuwala. Anatsikira kumtsinje n'kukhalitsako. Pobwera anangolowa kukhitchini kwa mayi ake.

Dzuwa litapendeka, Abwana anavula masokosi n'kuyang'ana agogo awo.

"Basi ija munaiyendetsa nokha?"

"Ayi, Abwana. Ndimadikira dalaivala."

Anakwera, n'kutseka chitseko cha firiji chija. Kunja kunkafiira. Dalaivala anagwira chiwongolero, anafunsa wokwera ngati wakhala bwino, ndipo asananyamuke, kumtsinje kunamveka liwu limodzi lokhuthala. Linasiya. Linayambanso, lina n'kuyankha kutsidya, kenako ena, mpaka malata a chiphakasa anakhala ngati akunjenjemera. Mwanayo anali asanamvepo zoterezi chibadwire. Anatembenuka maso ali tong'o, manja ali pachiwongolero.

"Agogo, injini yalira."

"Yalira, Abwana. Gwirani bwino, tingagwere m'mitambo."

Kudzera pa waya wa pawindo, a Sipanala anaona mwana wawo ataima pakhomo la khitchini, nsalu yopukutira mbale ili m'manja, mutu utapendekera kumtsinje. Phokoso limenelo ndi limene linkamugoneka ali khanda. Anaima choncho mpaka mayi ake anamuitana kawiri.

Tchuthi chitatha, mwana wawo uja anatuluka ndi chikwama chake chokha. Anati cha mwana wachisiya pabedi, zovala zina atumiza. Anawonjeza kuti neti izikhala yopisira bwino usiku uliwonse, ndipo thupi likangotentha athamangire kuchipatala tsiku lomwelo, osayamba kaye kufunsa nsomba. A Sipanala anati amva. Dzinja lonselo Abwana sanagonenso m'chipatala.

Eni magalimoto sanasinthe. Amabwerabe ndi matayala akutha n'kunena za mawa, koma tsopano a Sipanala amawakwezera m'buti mwawo momwemo. Makaniko wina akafunsa chifukwa chake akuvutika ndi dilamu, amamupatsa kapu yoyera n'kumulozera kuseri kwa galaja yake.

Phunziro lake ndi losabisika. Oyilo wakutha, mankhwala ndi zinyalala tisamathire m'ngalande kapena mumtsinje, ngakhale titaganiza kuti tikuchita zabwino. Zimapha nsomba, achule ndi tizilombo timene timatithandiza osatilipiritsa, ndipo zimakafika m'madzi a anzathu. Udzudzu tiuthetse pochotsa madzi ogona pakhomo pathu ndi kugona m'neti. Zamoyo za mumtsinje zikatha, amene amavutika ndi ana athu omwe. Tikazisamala zimabwerera, ngakhale zimachedwa.